NZERU ZA MAKONO: Maginito Aulula Matenda Obisika a Citsulo

Mai wodziwa kugula mphika wa dothi sakhulupirira maso okha. Amaunyamula mphikawo, naugogoda ndi cala, nachera khutu. Ukalira ngati belu amatulutsa ndalama. Koma ukangoti bu! bu! ngati dzungu amaubwezera pansi, ngakhale ukhale wosalala ndi wokongola cotani, pakuti adziwa kuti muli mng'alu umene diso silinauone. Mphika wotero umadikira tsiku limene wadzala ndi phala lowira, ndipo ndi pamene umasweka.

Akatswiri amene amasamala mapaipi a nthunzi m'nyumba zopangira magetsi ali ndi bvuto longa lomweli, koma lao ndi lolemera koposa. Paipi yacitsulo yocindikala siyankha cala ca munthu, ndipo ikaphulika sikutayika phala ai, kumatayika miyoyo. Cotero kwa zaka zambiri akhala alikufunafuna njira yofunsira citsulo za umoyo wake popanda kucidula kapena kuciboola. Imodzi mwa njira zimene apeza ndiyo ya maginito, mphamvu yomwe ija iri m'kacitsulo kamene ana amacotsa m'wailesi yakufa ndi kumatolera nako misomali.

Nkhani imeneyi si ya maiko akutali okha. Magetsi ambiri a dziko la Zambia amacokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Koma ku Maamba, m'boma la Sinazongwe m'cigawo ca Kummwera, makina awiri opanga magetsi ndi malasha anayamba nchito mu 2016, alionse a mamegawati 150. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba kotero kuti m'malo ambiri magetsi anali kuzima maola 17 kufikira 21 pa tsiku, moto wa malasha wa ku Maamba unali umodzi wa mizati yotsala. Mwini cigayo ca magetsi ku Katete, namwino wosunga mankhwala m'firiji ku Lundazi, ndi wowocherera zitseko pa msika wa ku Chipata, onsewa anali kudalira mapaipi otentha amene sanawaonepo ciyambire.

Macitidwe a makina otero ndi awa. Malasha amatenthedwa m'ng'anjo yaikulu imene m'makoma mwake muli mapaipi odzala ndi madzi. Madziwo amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imapitirira kutenthedwa, kenaka ithamanga m'mapaipi akulu kukazunguza gudumu la mapiko ambiri limene limayendetsa jenereta. Madzi ophikira nsima amawira pa madigiri pafupifupi 100, koma nthunzi ya m'nyumba za magetsi za mtundu umenewu imafika madigiri 540 kapena pafupi pamenepo, ndipo imakankha makoma a paipi ndi mphamvu yoposa ka 50 mpweya wa m'tayala la galimoto. Citsulo cotentha cotero, munthu ataciona mumdima, cimakhala citayamba kufiirira. Maboyila aliponso ku Nakambala, ku Mazabuka, kumene amasonkhera moto zotsala za nzimbe zofinyidwa, ndi m'mafakitale ena ambiri.

KUKWAWA KWA CITSULO

Wosula makasu ndi nkhwangwa adziwa kuti citsulo cikafiira cimamvera nyundo. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti citsulo cingagonje popanda nyundo, ndiponso cisanafike pofiira. Cimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Koma kuyambira pa madigiri 400 kapena kupyola pang'ono, cikakhala cirikusenza katundu usana ndi usiku, cimayamba kutanuka pang'ono pang'ono, osabwereranso m'malo mwake. M'Cingerezi kutanuka kumeneku amati creep, ndiko kunena kukwawa, ndipo dzinali ndi loyenera ndithu, pakuti ndi ulendo wa nkhono, wosaoneka pa tsiku limodzi kapena pa mwezi umodzi.

Aliyense amene anaonapo mtanda wa denga la nyumba yakale anauona mkhalidwe umenewu. Tsiku limene unaikidwa unali woongoka, ndipo palibe tsiku limene wina anaupinda. Koma patapita zaka wapetama pakati cifukwa ca udzu womwewo umene poyamba unausenza mosabvuta. Mtovu, umene usungunuka pa madigiri 327 cabe, umakwawa ngakhale pa kutentha kwa m'nyumba. Ndico cifukwa cake katswiri wa ku London, Edward Andrade, pofufuza za kukwawa mu 1910, anapacika zolemera pa mawaya a mtovu nayang'anira m'mene anali kutalikira.

Kukwawa kuli ndi misinkhu itatu. Poyamba citsulo cimatanuka mofulumirirapo, kenaka cimakhazikika ndi kumatanuka pa liwiro limodzi kwa zaka zambirimbiri. Msinkhu wacitatu ndiwo woopsa, pakuti liwiro limakula ndipo mapeto ake ndi kung'ambika. Coipa ndi cakuti msinkhu waciwiri, wautaliwo, suonetsa kanthu kunja.

Zenizeni zimacitika m'kati. Citsulo cimene m'maso cioneka ngati cinthu cimodzi cosalala, cikaikidwa pansi pa galasi lokuza zinthu, lochedwa maikulosikopu, cimapezeka kuti ndi tinjere tosawerengeka tolumikizana ngati miyala ya m'khoma. M'kati mwa tinjereto ndi m'malire mwake muli timibulu touma kwambiri ta kaboni wogwirana ndi chromium kapena molybdenum, ndipo timibuluto ndito timapatsa citsulo mphamvu yopirira moto, monga miyala ilimbitsa konkire. Pakupita kwa zaka za kutentha, timibulu tambiri tating'ono timaphatikizana kukhala tocepa tokulirapo, ndipo citsulo cimafooka. Kenaka m'malire a tinjere mumabadwa timaenje, tocepa kotero kuti makumi angapo a ito angandandalike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timaenjeto ticuluka, tindandalika pamzere, tilumikizana kukhala timing'alu, ndipo timing'alu tikumana kukhala mng'alu waukulu. Zifanana ndi cimanga ca m'nkhokwe cimene anankafumbwe alowamo: kunja ciri bwino, m'kati mwatsala ufa.

Mdani wamkulu ndiye kutentha kopyola muyeso. Mu 1952 akatswiri awiri a ku America, Larson ndi Miller, anatulutsa kawerengedwe kophatikiza kutentha ndi nthawi, kamene kagwirabe nchito lero. Kucokera m'masamu otero mainjiniya ali ndi lamulo la pakamwa lakuti kuonjeza madigiri 10 kapena 15 pa kutentha kwa paipi kumadula moyo wake pakati. Ndiye kuti paipi imene ikanakhala zaka 30 ingathe m'zaka 15 cabe cifukwa ca kusiyana kumene munthu angakuyese kwacabe.

Opanga mapaipi amawerengera mphamvu ya citsulo pa maola 100,000, ndizo zaka 11 ndi miyezi 5 makina alikuyenda osaima. Sikuti paipi imafa pa tsiku limenelo ai. Amasiya mpata waukulu, ndipo mapaipi ambiri apyola maola 200,000 ali bwino. Komatu masamu a pa pepala sadziwa za usiku uja moto unakula mopyola, kapena za dzimbiri louma limene linamata m'kati mwa paipi nkuiletsa kuzizira, kapena za wowocherera amene tsiku lina anafulumira kuweruka. Mapaipi awiri obadwa tsiku limodzi angakalambe mosiyana kwambiri, ndipo pepala silinganene kuti wokalamba ndi uti.

ZIMENE ZINACITIKA KU MOHAVE

Mtengo wa kusadziwa kumeneku unaoneka ku America, pa nyumba ya magetsi ya malasha ya Mohave, m'tauni ya Laughlin m'cigawo ca Nevada. Nyumbayo inayamba nchito mu 1971. Pa Lamlungu, 9 June 1985, nthawi ya 3:25 masana, paipi ya nthunzi ya masentimita 76 m'mimba mwake inang'ambika mwadzidzidzi. Nthunzi ya madigiri 538 inagwetsa citseko colowera ku cipinda coyendetseramo makina. Anchito 6 anafa ndi zilonda za kupsa, ena 10 anabvulala, ndipo makina anaima miyezi 6.

Paipi imeneyo inapangidwa popinda cimbale ca citsulo ndi kuciwocherera m'litali mwake, ndipo panali pa msoko womwewo pamene kukwawa kunadya mwakacetecete kwa zaka 14. Mu January 1986 paipi ina ya mtundu womwewo inang'ambika ku Monroe, m'cigawo ca Michigan. Pamenepo makampani a magetsi anazindikira kuti la ku Mohave silinali tsoka la tsiku limodzi, nayamba kufufuza misoko ya mapaipi ao onse.

Msoko ndiwo malo obvuta nthawi zonse, monganso cobvala cimayamba kung'ambika posokedwa. Moto wa kuwocherera umasintha tinjere ta citsulo m'kamzere kopapatiza m'mbali mwa msoko, ndipo kamzereko kamakhala kofooka kuposa paipi yonse. Ngakhale citsulo colimba cochedwa P91, cimene cinakonzedwa ku Oak Ridge ku America m'zaka za m'ma 1970, cokhala ndi magawo 9 a chromium ndi gawo 1 la molybdenum pa 100 alionse, sicinapulumuke nthendayi. Mwa ico timaenje timacedwa kuoneka, ndipo kawirikawiri timayambira m'kati mwa khoma la paipi, osati pamwamba.

Njira zopimira zinalipo kale, ndipo ziripo. Amayesa ngati paipi yatupa. Amatumiza m'citsulo mau osamveka ndi khutu la munthu kuti akagunde mng'alu nabwerere, monga acitira ku cipatala poona mwana ali m'mimba. Amawaza ufa wacitsulo pa paipi yopatsidwa maginito, ndipo ufawo umaunjikana pamene pang'aluka. Zonsezi nzabwino, koma makamaka zimapeza mng'alu utabadwa kale, ndiko kunena kuti nthenda yafika kumapeto.

Yokhayo imene imaona timaenje tisanakule ndi ya kudinda. Wopima amapala kamalo kakang'ono pa paipi mpaka kanyezimire ngati galasi, nadonthezapo asidi kuti malire a tinjere aoneke, namatapo kapulasitiki kofewa. Akakamatula, kamakhala katatenga cithunzi ca nkhope ya citsulo, ndipo cithunzico amakaciona pa maikulosikopu. Njirayi ndi yodalirika, koma malo amodzi, ocepa ngati sitampa ya pa kalata, amadya nthawi yaitali. Pamene nyumba ya magetsi iri ndi misoko mazana ndi mazana, ndipo tsiku lirilonse limene makina aima dziko limasowa magetsi. Wopima amangosankha malo ocepa, nayembekeza kuti wasankha bwino.

CIMENE MAGINITO AMAMVA

Owerenga amene ali ndi maginito m'nyumba angayese cinthu cimodzi. Atenge singano yosokera ndi msomali wamba, azikhule zonse ziwiri pa maginito, kenaka aziyandikize ku tizitsulo tating'ono. Singano idzasunga mphamvu yokoka kwa nthawi yaitali, koma msomali udzaitaya msanga. Zonse ndi zitsulo, koma singano ndi youma, msomali ndi wofewa, ndipo maginito aulula kusiyanako popanda kuthyola ciriconse. Pamenepa ndi pamene pagona nzeru yonse: kamvedwe ka citsulo kwa maginito kamatsata m'mene m'kati mwake muliri.

Cifukwa cake anacilingalira Pierre Weiss, katswiri wa ku France, mu 1907. M'kati mwa citsulo muli tizigawo tosawerengeka, ndipo kacigawo kalikonse ndi kamaginito pa kokha. Masiku onse tizigawoto timaloza uku ndi uku, kotero mphamvu zao zimafafanizana, ndipo khasu silikoka msomali. Koma maginito akayandikira, tizigawo toloza kumene iwo afuna timakula, tina nkumacepa. Malire a pakati pao amasendera, monga malire a minda pamene mwini munda wina alikulanda wa mnzake.

Malirewo sasendera mosalala. Wolima ndi ng'ombe m'munda wa mphanje adziwa m'mene pulawo imayendera: imakodwa pa citsa, ng'ombe zikoka, zikoka, kenaka imadumpha mwadzidzidzi nkukakodwanso pa muzu wina. Momwemonso malire a tizigawo amakodwa pa timibulu touma tija, pa malire a tinjere, pa timaenje, ndi pa zopotoka zina za m'kati mwa citsulo. Ndipo mphamvu ikakula amadumpha. Kudumpha kulikonse kumabala kamphamvu kakang'ono ka magetsi m'waya wokulungidwa pafupi.

Woyamba kukumva kudumphaku anali Heinrich Barkhausen, mphunzitsi wamkulu wa ku Dresden m'dziko la Germany, mu 1919. Iye anakulunga waya pa citsulo, naulumikiza ku makina okuzira mau, nasendeza maginito pang'ono pang'ono. Zimene zinamveka zinali kuthetheka, konga kwa lupsa la udzu wouma likamayaka. Kufikira lero phokosolo lichedwa ndi dzina lake. Barkhausen sanali kuganiza za mapaipi a nthunzi. Koma anasiyira am'mbuyo khutu lomvera nalo za m'kati mwa citsulo.

Tsono zinthu zimene zimakola malire a tizigawo ndi zomwezo zimene kukwawa kumasintha. Pamene timibulu tambiri taphatikizana kukhala tocepa, munda watsala ndi zitsa zowerengeka, ndipo pulawo imayenda mosabvuta. Citsulo cimalandira maginito msanga ndi kuwataya msanga, cafewa ngati msomali uja. Pamene timaenje tabadwa, kaenje kalikonse ndi mpata wopanda citsulo umene umadula njira ya maginito, ndipo mphamvu yotsalira m'paipi imacepa. Kuthetheka kwa Barkhausen nakonso kumasintha kukula kwake ndi nthawi imene kumamvekera.

Cipangizo copimira si cacikulu. Ndi kacitsulo kopindika ngati cilembo ca U, kokulungidwa waya wa magetsi, kamene munthu anganyamule m'dzanja. Makina akaima ndipo paipi itazizira, amacotsa zofunda zake zosunga kutentha, nayeretsa malo, nakhazika miyendo iwiri ya kacitsuloko pa paipi. Magetsi akalowa m'waya, kamalo ka pakati pa miyendoyo kamapatsidwa maginito, kaye kuloza uku, kenaka kuloza uko, mobwerezabwereza. Kawaya kena kakang'ono kamamvera yankho la citsulo nkulipereka ku kompyuta. Zimene amawerenga makamaka ndi zitatu: mphamvu imene imatsalira m'citsulo magetsi atazimitsidwa, mphamvu yofunika kuti yotsalirayo ifafanizidwe, imene ingachedwe liuma la citsulo, ndi kuthetheka kuja. Pa malo amodzi nchito imatha m'kanthawi kocepa, ndipo paipi imatsala yosabooledwa ndi yosadulidwa.

Amene analimbikira kwambiri kuyesa njirayi pa mapaipi a nyumba za magetsi ndi David Jiles ndi anzake a ku Ames Laboratory, pa Iowa State University ku America, m'zaka za m'ma 1990. Iwo anapanga cipangizo conyamulika cochedwa Magnescope, napima naco citsulo ca chromium ndi molybdenum cimene cinatumikira zaka zambiri pa moto. Anapeza kuti pamene kukwawa kwaononga, liuma la citsulo ndi mphamvu yotsalira zinali zocepa poyerekeza ndi pamene pali bwino. Nchito yonga yomweyi yacitikanso ku National Metallurgical Laboratory ya ku Jamshedpur m'dziko la India, ndi m'mayunivesite a Manchester ndi Birmingham ku England.

MBONI, OSATI WOWERUZA

Apa mpofunika kucenjera, cifukwa nzeru iriyonse yatsopano imabwera ndi oitamanda mopyola. Maginito amamva zambiri, ndipo kumva zambiriko ndiko bvuto lao. Liuma la citsulo limasintha ndi kukwawa, inde. Koma limasinthanso ndi kukokeka kumene kunatsala m'paipi poiwocherera, ndi kukula kwa tinjere, ndi m'mene citsulo cinaziziritsidwira ku fakitale, ngakhale ndi dzimbiri lakuda la pamwamba, limene nalonso limamvera maginito. Cipangizo cikanena kuti pano pasiyana ndi paja, sicinanene cifukwa cake. Ciri ngati galu wouwa usiku: wamva kanthu ndithu, koma mwini nyumba ayenera kutuluka ndi nyali kuti aone ngati ndi mbala kapena mbuzi yotayika.

Palinso zina. Kuthetheka kwa Barkhausen kumacokera pafupi ndi khungu la citsulo, osapyola milimita imodzi kapena pamenepo, pamene khoma la paipi yaikulu licindikala masentimita angapo. Miyeso inayo imalowa m'katiko, koma osafika ponseponse. M'zitsulo zina, monga P91, manambala samangotsika njira imodzi: pa msinkhu wina wa kukwawa amakwera, pa wina amatsika, kotero nambala imodzi ingatanthauze ubwana kapena ukalamba. Ndipo pali zitsulo zosacita dzimbiri, zimene zimaikidwa pa malo otentha koposa m'maboyila ena, zosamvera maginito konse. Amene akayika ayandikize maginito ku masupuni onyezimira a m'nyumba. Adzapeza kuti ena sakokedwa.

Cotero nambala ya lero pa yokha iribe phindu lalikulu. Phindu limabwera poiyerekeza ndi nambala ya malo omwewo caka catha, ndi ya zaka zisanu zapitazo, ndi ya tsiku limene paipi inali yatsopano. Ndi cimodzimodzi khadi la mwana la ku sikelo: makilogalamu 9 sanena kanthu kufikira namwino ataona ngati mwezi watha anali 8 kapena 10. Pa cifukwa cimeneci nyumba za magetsi zatsopano ziri ndi mwai umene zakale zinalibe, pakuti zingayambe kulemba mbiri ya msoko uliwonse ukali wamoyo bwino. Nchito yolemba ndi kusunga mabuku otero iribe ulemerero, ndipo ndiyo imayamba kuiwalika ndalama zikacepa. Komatu popanda iyo cipangizo ca mtengo wapatali cimasanduka coseweretsa.

Malo oyenera a maginito, tsono, ndi kutsogola. M'masiku owerengeka amene makina aima, wopima angayende nao pa misoko yambiri, nalemba coko pa imene yayankha mosiyana ndi inzake. Pamenepo ndipo wodinda ndi kapulasitiki amapita, osati mongolota, koma kumene waitanidwa. Sipayenera kukhala mpikisano pakati pa njira ziwirizi, ndipo amene angataye yakale cifukwa ca yatsopano adzakhala ataika miyoyo ya anchito pa mboni imodzi.

Izi zikhudzanso madandaulo amene amamveka m'midzi ndi m'matauni pamene kwalengezedwa kuti makina a magetsi aimitsidwa kuti akonzedwe. Mu 2024, cilala ciri pakati, makina a ku Maamba anaimitsidwa monga mwa dongosolo la caka ndi caka, ndipo maola a mdima anaonjezeka. Kudandaula kwa mwini cigayo nkomveka, pakuti tsiku lopanda magetsi ndi tsiku lopanda ndalama. Koma mapaipi a nthunzi sapimika bwino ali pa moto. Ayenera kuzizira ndi kubvulidwa zofunda. Masabata owerengeka osankhidwa ndi anthu ayenera kuyesedwa pa sikelo imodzi ndi miyezi 6 ya ku Mohave, imene inasankhidwa ndi paipi. Ndipo njira iriyonse imene ifupikitsa kupima popanda kucepetsa kusamala imabwezera mwini cigayoyo masiku ake.

M'dziko muno lamulo la mafakitale la 1966 linalamula kale kuti boyila aliyense aziyang'anidwa nthawi ndi nthawi ndi munthu wodziwa. Anthu odziwawo sagwa kumwamba. Ndi ana a m'midzi yomweyi amene anakhoza masamu ndi sayansi, napita kukaphunzira za zitsulo ku Sukulu ya za Migodi ya University of Zambia, kapena nchito za manja ku Northern Technical College ku Ndola. Makolo amene amaona kuwocherera ngati nchito ya olephera sukulu adziwe kuti wowocherera paipi ya nthunzi amayesedwa mayeso okhwima, ndipo msoko wake umapimidwa asanaloledwe kuyandikira boyila.

Nanga wodinda akapeza timaenje pamalo pamene maginito analoza, cimatsatira nciani? Mu 1983 akatswiri awiri a ku Germany, Neubauer ndi Wedel, anagawa kuonongekaku m'magulu 4, ndipo kagawidwe kao katsatidwabe m'maiko ambiri. Ngati timaenje tiri patalipatali, paipi imapitiriza nchito, koma malowo amalembedwa kuti adzaonedwenso. Ngati tandandalika pamzere, amaikirapo nthawi yeniyeni yodzapimanso, yosacedwa. Ngati talumikizana kukhala timing'alu, paipi imaloledwa kugwira nchito kanthawi kocepa cabe pamene zokonzera zirikukonzedwa. Koma ngati mng'alu waukulu waoneka, moto suyatsidwanso kufikira malowo atakonzedwa, kapena atadulidwa ndi kuikapo citsulo cina.